Kapinga woyala: ntchito yaikulu ili pansi pake

Funso: Ndangomaliza kumanga nyumba ndipo pabwalo padakali fumbi lokhalokha, mbali ina pali zotsala za amisiri. Malowo ndi pafupifupi masikweya mita 120, ndipo chakumapeto kuli mtengo waukulu wamthunzi. Ndikufuna kugula kapinga wodulidwa kale pamodzi ndi dothi lake, uja amabwera wokulungakulunga n'kungoyala, chifukwa ndili ndi ana aang'ono komanso galu. Koma mnzanga anayala wotereyu, patangotha milungu itatu anachita chikasu n'kuuma molumikiziramo. Ndiyambire pati, ndipo ndimusamale bwanji kuti asandifere?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Chimene chimapusitsa anthu ambiri pa kapinga woyala n'chakuti tsiku lomwe mwayalalo, bwalo limaoneka ngati ntchito yatha. Pabiriwira, odutsa akuyamikira, mwini nyumba mtima m'malo. Chonsecho udzuwo uli pakati pa moyo ndi imfa. Makina odulira kapinga kumunda amadutsa m'munsi mwenimweni mwa udzu, n'kutengako dothi lochindikala sentimita imodzi ndi theka kapena ziwiri basi. Mizu yonse yozama imatsala kumundako. Chimene chimafika pakhomo panu ndi masamba ochuluka amene akutaya madzi padzuwa, koma opanda mizu yokwanira yokokera madzi ena. Mpaka mizu yatsopano italowa m'dothi lanu, dontho lililonse likuchokera kwa inu. Ndiye zinthu ziwiri ndizo zimaweruza nkhani yonseyi: dothi limene mizuyo ikalowemo, ndi madzi a milungu itatu yoyamba. Zina zonse mukalakwitsa mutha kukonza pambuyo pake, koma ziwirizi ayi.

Tiyambe ndi madzi, musanatulutse ndalama. Kapinga wokhazikika bwino amafuna madzi okwana mamilimita pafupifupi 25 pamlungu nyengo yotentha yopanda mvula. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, choncho bwalo lanu la 120 lizimwa malita 3,000 mlungu uliwonse, omwe ndi migolo 15 ya malita 200. Milungu iwiri yoyamba lidzamwa oposa pamenepo, ndipo silingadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ngati madzi kwanuko amasiya masiku awiri kapena atatu ndipo mulibe thanki, pali njira ziwiri: muyale mvula ikakhazikika, kapena muchepetse malo. Ine ndingakonde kuona masikweya mita 60 a kapinga wathanzi kusiyana ndi 120 achikasu. Nyengo yabwino yoyalira ndi pamene udzu ukukula msanga, kukafunda ndipo chinyezi chilipo. M'nyengo yozizira mitundu ya kumalo otentha imagona, mizu imachedwa kugwira, ndipo zidutswa zimakhala nthawi yaitali zili pamwamba chabe.

Mtundu wa kapinga musasankhire kukongola kwake pamunda wa wogulitsa. Yang'anani kaye bwalo lanu tsiku lathunthu, muone maola amene dzuwa limawomba mbali iliyonse. Cynodon, amene ena amamutcha Bermuda, ali ndi masamba aang'ono, amapirira chilala ndi kupondedwa, koma amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa. Pamthunzi amatha pang'onopang'ono mpaka dothi kuonekera. Kikuyu, wochokera kumapiri a kum'mawa kwa Africa, amakula mwachangu ndipo pamene ana aperepesa amabwerera msanga, koma liwiro lomwelo ndilo vuto lake: amafuna kutchetcha pafupipafupi ndipo amalowa m'mabedi a maluwa ngati simunamuikire malire. Buffalo, amene ku America amamutcha St. Augustine, ali ndi masamba otambalala, amalola mthunzi wapakatikati ndipo sakula mothamanga, koma akaperepeseka amachedwa kuchira. LM Berea ndiye amalola mthunzi kuposa enawa, kungoti safuna kupondedwa kwambiri kapena kutchetchedwa motsika. M'mayiko ozizira amayala mitundu ina, monga fescue, ryegrass ndi Kentucky bluegrass, imene kumalo otentha imavutika. Kwa inu amene muli ndi ana ndi galu, poyera pa dzuwa ndingasankhe Kikuyu kapena Cynodon.

Za mtengo wanu uja ndinene mosabisa. Patsinde penipeni pa mtengo wa masamba othithikana palibe kapinga amene amakondwa. Kuwala n'kochepa, ndipo mizu ya mtengo imamwa madzi ndi chakudya udzu usanalawe. Siyani malo ozungulira tsinde opanda kapinga, muikepo makungwa, masamba ouma kapena zomera zokonda mthunzi. Chakunja kumene dzuwa limafika maola anayi, yesani Buffalo kapena LM. Musakwirire mizu ya mtengowo ndi dothi lochuluka pofuna kusalaza, ndiponso musaidule ndi khasu potipula. Mutha kupha mtengo wa zaka zambiri chifukwa cha udzu.

Tsopano dothi, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa bwalo la nyumba yongomangidwa ndi malo ovuta kuposa onse. Pamene amisiri ankasakanizira simenti, pamene ankaunjika njerwa ndi pamene magalimoto ankakhotera, dothi linatsindirika mpaka kuuma gwa. Nthawi zambiri dothi lachonde la pamwamba linakwiririka ndi lofiira lochokera m'maziko. Chotsani zidutswa zonse za njerwa, simenti youma, miyala, mawaya, mapulasitiki ndi matabwa, osati za pamwamba zokha komanso zokwiririka. Njerwa imodzi yotsala sentimita zisanu pansi idzakuonetsani malo ake chaka chilichonse: kadera kouma kamene kamayamba kufota pamene kwina konse kuli kobiriwira. Thabwa lokwiririka limaitana chiswe, ndipo likawola pamatsala dzenje. Zotsala za simenti zimasinthanso dothi, kulichititsa kukhala la laimu wambiri, ndipo udzu umalephera kutengamo michere ina, makamaka ayironi, n'kumaoneka wachikasu ngakhale muthire feteleza.

Mukachotsa zimenezi, limbanani ndi udzu wachabechabe kapinga asanabwere. Thirirani bwalo lopanda kanthulo kwa milungu iwiri kuti njere zobisala zimere, kenako mupalire. Udzu woyanga ndi wa timibulu pansi, monga dawe, umafuna kukumba mpaka mutatulutsa timibuluto, chifukwa umaboola kapinga woyala mosavuta. Ngati mukugwiritsa ntchito mankhwala opha udzu a glyphosate, kumbukirani kuti amagwira pa masamba obiriwira amene akukula, osati pa dothi, ndipo amafuna masiku 10 mpaka 14 kuti aphe udzuwo mpaka kumizu. Mukapopera lero n'kutipula mawa mwangotaya mankhwala. Tsatirani zolembedwa pabotolo, ndipo ana ndi galu asayandikire mpaka pataumiratu.

Yesaninso mmene madzi amalowera. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzaze madzi, akaphwa mudzazenso. Mukapeza m'mawa mwake madzi akadalimo, pamenepo pamadikha madzi, ndipo mizu ya kapinga idzawola nyengo ya mvula. Konzani ngalande kapena kwezani malowo tsopano, chifukwa kapinga akayalidwa simudzafuna kumufukula.

Tipulani mozama masentimita 10 mpaka 15, n'kuphwanya zibuma. Musatipule dothi lili chinyowere, makamaka la makande. Likauma limasanduka zibuma zolimba zimene reki singaphwanye. Thirani manyowa owola bwino kapena kompositi yochindikala masentimita 3 mpaka 5 pamalo onse, zomwe pa bwalo lanu ndi makyubiki mita pafupifupi asanu, ndipo musakanize ndi dothi lotipulalo. Manyowa aawisi ayi: amatentha mizu yanthete ndiponso amadza ndi njere za udzu. Pa dothi la mchenga, manyowa amathandiza kusunga madzi. Pa makande, amatsegula mipata ya mpweya. Anthu ena amathira mchenga pang'ono pa makande poganiza kuti afewetsa, koma mchenga wochepa umangotseka timipata n'kulimbitsa dothi koposa. Ngati mwagula dothi lachonde kwina, musangoliyala pamwamba pa louma gwa lija. Sakanizani gawo loyamba ndi dothi la pamalopo, kenako muwonjezere lotsala. Pamene madothi awiri osiyana akumana popanda kusakanikirana, madzi amaima pamalirepo ndipo mizu imayenda cham'mbali m'malo molowa pansi.

Ngati mungathe kuyezetsa dothi, chitani. Kapinga wambiri amakonda pH (muyezo wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7. Ikatsika kwambiri mumathira laimu, ndipo nthawi yake ndi ino, potipula, chifukwa laimu wowaza pamwamba amatenga nthawi yaitali kuti atsike. Chimodzimodzinso fosiforasi, mchere umene umathandiza mizu: sayenda m'dothi, amakhala pomwe mwamusiya. Pa thumba la feteleza pamakhala manambala atatu, loyamba la nayitirojeni, lapakati la fosiforasi, lomaliza la potaziyamu. Wothira musanayale akhale wa nambala yapakati yokwererapo, ndipo mumupalasire m'masentimita ochepa a pamwamba. Osathira laimu mongoganizira, makamaka pamalo pamene panali simenti.

Posalaza, bwalo litsetserekere kutali ndi nyumba, masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asamabwerere kumaziko. Dothi likhale masentimita awiri m'munsi mwa khonde ndi njira zowaka, kuti kapinga akayalidwa afanane nazo. Kenako litsindireni pang'ono poyenda ndi zidendene, phazi ndi phazi, bwalo lonse. Mupalase ndi reki, mutsindirenso chopingasa, mupalasenso. Lafika pabwino ngati mukayendapo phazi likusiya chidindo chosapitirira sentimita imodzi. Thirirani, mudikire masiku awiri kapena atatu, muone pamene patitimira ndi pamene madzi aima, mukonze. Chitunda kapena dzenje lililonse limene mwalisiya lidzaonekera pa kapinga, ndipo makina otchetchera azidzapala pa zitundapo mpaka dothi.

Kapinga muitanitse dothi litakonzeka, osati kale. Onjezerani 5 mpaka 10 peresenti chifukwa cha zodula m'makona, kutanthauza kuti inu muitanitse masikweya mita 130. Funsani kuti adule tsiku lobweretsa kapena madzulo a dzulo lake. Akafika, tambasulani zidutswa zingapo, makamaka za pakati pa mulu. Chidutswa chabwino chimanyamulika ndi manja awiri osang'ambika, dothi lake ndi lachinyezi ndi lochindikala mofanana, mulibe udzu wachilendo, ndipo sichinunkha. Mukapisa dzanja pakati pa mulu n'kumva kutentha, kapena masamba ayamba chikasu, udzuwo wayamba kupsa. Kapinga wokulunga amapumabe, ndipo kutentha kumene amatulutsa kulibe kothawira. N'chifukwa chake ayenera kuyalidwa pasanathe maola 24, ndipo kukatentha, tsiku lomwelo. Muluwo ukhale pamthunzi. Osaufunditsa pulasitiki, ndiponso osauthira madzi ambiri uli chikulungire, chifukwa zonsezi zimafulumizitsa kupsako. Ngati ntchito yakanika kutha, tambasulani zotsalazo pamthunzi n'kuziwaza madzi. Pezani anthu okuthandizani. Zidutswazi n'zolemera, ndipo munthu mmodzi pa malo ngati anuwo dzuwa lidzamulowera.

M'mawa wa tsiku loyala, wazani madzi pang'ono padothi kuti likhale lachinyezi ndi lozizira, koma osati matope. Mizu yodulidwa ikagunda dothi lotentha louma imafa nthawi yomweyo. Yambirani m'mphepete mowongoka motalika, monga khonde kapena mpanda. Ngati mulibe, kokani chingwe. Mzere wachiwiri muyambe ndi theka la chidutswa, kuti molumikizira musayang'anizane, monga mmene mmisiri amaikira njerwa pakhoma. Zidutswa zigundane kwambiri koma zisakwerane. Ndipo apa ndi pamene ndikuganiza kuti mnzanu uja zinamuvuta: musakoke chidutswa kuti chitalike. Kapinga wokokedwa amabwerera akayamba kuuma, mipata imatseguka, mphepo ndi dzuwa zimalowa, m'mphepete mwa chidutswa chilichonse n'kuuma. Bwalo limaoneka la mizeremizere yofiirira. Kankhirani chidutswa chilichonse kwa chinzake. Pamene patsala mpata, thirani dothi losefa, musasiye pululu.

Inu muziima pa thabwa loikidwa pa kapinga amene mwayala kale, osati padothi losalazidwa, ndipo wilibala iziyenda pa matabwanso. Podula m'makona gwiritsani ntchito mpeni wakuthwa, kudulira kumbali ya dothi. Tizidutswa ting'onoting'ono tisakhale kumphepete kwa bwalo chifukwa timauma msanga. Kumphepete ikani chathunthu, kakang'onoko kalowe mkati. Mphepete yakunja imene yatsala poyera muikwirire ndi dothi. Pamalo otsetsereka yalani chopingasa, osati chotsika, ndipo pakatsetsereka kwambiri khomani zikhomo zamtengo ziwiri kapena zitatu pa chidutswa chilichonse.

Musadikire kumaliza bwalo lonse kuti muthirire. Gawo lililonse limwe madzi pasanathe theka la ola chiliyalireni. Mmodzi aziyala, wina azithirira pambuyo. Kenako tsindirani kuti dothi la kapinga ligwirane ndi lanu. Ngati mungabwereke chogudubuza chopepuka, chabwino. Ngati ayi, ikani thabwa lotambalala n'kuyendapo, kulisuntha mpaka bwalo lonse. Pamene patsala mphako ya mpweya pansi, mizu imatulukira m'malere n'kuuma, ndipo pamwamba pamaoneka kadera kachikasu kosadziwika chifukwa chake. Tsiku loyambali thirirani kwambiri, mpaka dothi la pansi litanyowa masentimita 10. Musakhulupirire maso, tukulani ngodya ya chidutswa, mupise chala.

Masiku 10 mpaka 14 otsatira, lamulo ndi limodzi: pansi pa kapinga pasaume. Thirirani m'mamawa tsiku lililonse, ndipo kukatentha kapena kukachita mphepo, onjezerani pang'ono chakumasana ndi chakumadzulo dzuwa lisanapendeke kwambiri. Zoti madzi a masana amatentha masamba si zoona. Vuto lake n'lakuti ambiri amauluka, koma kapinga wopanda mizu amene wayamba kufota masana sangadikire mawa. Chimene muyenera kupewa ndi kuthirira usiku, masamba n'kugona ali chinyowere, chifukwa matenda a nkhungu amayambira pamenepo. Samalani kwambiri m'mbali mwa makoma ndi njira za simenti, zimene zimatentha n'kuumitsa udzu woyandikana nazo, m'makona mmene chowazira madzi sichifika, ndi pansi pa denga lotulukira kunja pamene mvula sigwa. Mvula yowaza isakunamizeni. Tukulanibe ngodya muone.

Madzi ochuluka amaphanso. Mizu imapuma mpweya, ndipo m'dothi lodzaza madzi mulibe. Mukaponda n'kumva phwatha phwatha, madzi n'kutuluka m'mbali mwa nsapato, kapena pansi pakamveka fungo la chithaphwi, lekezani tsiku limodzi. Chikasu cha ludzu ndi chikasu cha madzi ochuluka zimafanana pamwamba, ndipo ambiri akaona chikasu amangowonjezera madzi. Kusiyana kwake kuli pansi: kouma mudzapeza fumbi ndi masamba opinda, konyowa mudzapeza matope ndi mizu yoderako yofewa.

Pofika kumapeto a mlungu woyamba kapena wachiwiri, mukatukula ngodya muona timizu toyera tikulowa pansi. Posakhalitsa chidutswa chiyamba kukana mukachikoka pang'ono. Apa kathiriridwe kasinthe, ndipo kusintha kumeneku anthu ambiri amakuphonya. Amazolowera kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku n'kupitiriza choncho miyezi. Mizu imatsata chinyezi. Ngati chinyezi chili pamwamba pokha, mizu imakhala pomwepo, ndipo tsiku limene madzi adzasowe udzuwo udzapsa pa masiku atatu. Mlungu wachitatu thirirani modumpha tsiku koma nthawi yotalikirapo. Wachinayi, kawiri kapena katatu. Ikakwana milungu isanu ndi umodzi, kamodzi kapena kawiri pamlungu, madzi ofika masentimita 15 pansi, ndi okwanira. Dothi la mchenga limafuna kawirikawiri ndi madzi ocheperapo. La makande limafuna patalipatali, ndipo ngati madzi ayamba kuyenderera pamwamba, imani theka la ola alowe, kenako mupitirize.

Kuti mudziwe madzi amene mukuthira, ikani zitini zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za m'mbali mowongoka m'malo osiyanasiyana, mutsegule chowazira kwa mphindi 20, muyeze ndi rula. Mudzadziwa nthawi yofunika kuti mufike mamilimita 25, ndiponso muona mbali imene ikumanidwa. Udzu womwe umakuuzani ukamva ludzu: mtundu umasanduka wotuwirako, ndipo mukayendapo mapazi amatsala osadzuka.

Ana adikire. Milungu iwiri kapena itatu yoyamba pasapondedwe kupatula pothirira, chifukwa dothi lonyowa limatitimira ndipo zidutswa zimasuntha, timizu n'kuduka. Mpira ndi kuthamangitsana, pakathe milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Galu ndiye wovutirapo, poti amakumba molumikizira ndipo mkodzo wake uli ndi nayitirojeni ndi mchere wambiri pamalo amodzi. Chizindikiro chake ndi kadera kopsa kozunguliridwa ndi udzu wobiriwira moderako. Mankhwala ake ndi madzi basi: mukaona pamene wakodza, thirani ndowa imodzi nthawi yomweyo. Mwezi woyamba mutchingireni mbali ina ya bwalo. Ndipo pamene mukudziwa kuti anthu azidutsa tsiku ndi tsiku, monga popita pa chingwe choyanikira zovala, ikanipo miyala yopondapo kuyambira pachiyambi. Palibe kapinga amene amapirira njira.

Kutchetcha koyamba kumabwera kapinga akagwira, kawirikawiri pakati pa milungu iwiri ndi itatu. Musathirire dzulo lake kuti pansi palimbeko. Mpeni wa makina ukhale wonola, chifukwa wobuntha umang'amba masamba, nsonga n'kuyera, ndiponso umatha kuzula chidutswa chonse. Chikwakwa pa kapinga watsopano sindikulimbikitsani. Chimamenya ndi kukoka, ndipo sichidula mofanana. Ngati makina mulibe, bwerekani pa maulendo oyambawa, kapena gwiritsani ntchito sizasi yaikulu ya m'munda. Musadule koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu pa ulendo umodzi. Ngati mukufuna udzu wa masentimita 4, tchetchani ukafika 6. Cynodon amakhala bwino pa masentimita 2 mpaka 4, Kikuyu 3 mpaka 5, Buffalo ndi LM 5 mpaka 7, ndipo wa pamthunzi aliyense mumusiye wotalikirapo kuti akhale ndi masamba okwanira kugwira kuwala kochepako. Kumeta mpaka pansi kuti muchedwe kutchetchanso ndi njira yachidule yoitanira udzu wachabechabe, chifukwa masamba akachepa mizu imafupikanso ndipo dzuwa limafika pa njere zili m'dothi. Zodulidwa zikakhala zazifupi zisiyeni pomwepo, zimawola n'kubwezera chakudya. Zikakhala milumilu, zichotseni zisaphimbe udzu.

Feteleza wachiwiri adikire milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Muyezo wotetezeka ndi magalamu 5 a nayitirojeni pa sikweya mita pa ulendo umodzi. Urea ali ndi nayitirojeni 46 peresenti, choncho ndi magalamu pafupifupi 11 pa sikweya mita, kapena kilogalamu 1.3 pa bwalo lanu lonse. CAN, amene ali ndi pafupifupi 27 peresenti, ndi makilogalamu 2.2. Mukaona kuchepa kwake mudzafuna kuwonjezera, musatero. Yezani pa sikelo, mugawe pawiri, theka muwaze mukuyenda chotalika, theka chopingasa, masamba ali ouma, kenako muthirire nthawi yomweyo kuti timibulu titsike. Feteleza wotsala pamasamba kapena wounjikana amatentha udzu. Katatu kapena kanayi pa nyengo yokula n'kokwanira. Udzu ukagona chifukwa cha kuzizira kapena chilala, osathira. Sungadye, ndipo Kikuyu kapena Cynodon wofiirira m'nyengo yozizira sanafe, amadzuka kukafunda.

Udzu wachilendo womera molumikizira muzizula ndi manja. Mankhwala opha udzu wa masamba otambalala adikire mpaka mutatchetcha katatu kapena kanayi, ndipo muwerenge ngati mtundu wanu walembedwa pabotolo, chifukwa Buffalo amapsa ndi mankhwala ena amene Cynodon amapirira.

Kadera kakayamba kuuma madzi ali okwanira, fufuzani musanagule mankhwala. Kokani udzuwo. Ukazuka wonse mosavuta wopanda mizu, kumbani pang'ono. Mwina mupeza mphutsi zoyera zopindika zimene zimadya mizu. Ngati mizu ilipo koma masamba adyedwa, sungunulani masupuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale m'malita 5 a madzi, muthire pa sikweya mita imodzi m'mphepete mwa kaderako. Pasanathe mphindi khumi mbozi zobisala zimatulukira pamwamba. Ntchemberezandonda zimakonda udzu wanthete wothiridwa feteleza, ndipo zimatha kumaliza bwalo m'masiku ochepa, choncho mukaona mbalame zachuluka pakapinga m'mawa, pitani mukaone chimene zikutola. Chiswe chimathamangira udzu wouma ndi zinyalala zakufa, ndipo chimavuta kwambiri pa kapinga waludzu. Madera ozungulira oderako, nthawi zina okhala ndi ulusi woyera m'mamawa, ndi nkhungu. Chepetsani madzi ndi nayitirojeni, muthirire m'mawa mokha, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha.

Pakatha chaka kapena ziwiri, makamaka pa Kikuyu, pakati pa masamba ndi dothi pamaunjikana mitsitsi yakufa, bwalo n'kumamveka lofewa mopitirira mukapondapo. Ikapitirira sentimita imodzi ndi theka imatchinga madzi. Kumayambiriro a nyengo yokula tchetchani motsika, mupale ndi reki yachitsulo, mubaye dothi ndi foloko ya m'munda masentimita 10 pamene patsindirika, kenako muwaze dothi losefa losakaniza ndi kompositi losapitirira sentimita imodzi, nsonga za udzu zizioneka. Izi si za Buffalo ndi LM, amene amayanga pamwamba pokha. Mukawapala kwambiri mumachotsa chomera chenichenicho.

Zidutswa zimene zitsale tsiku loyala musataye. Ziyaleni pakona ina kuseri kwa nyumba ndipo muzizisamala mofanana ndi zinazo. Chidutswa china chikadzafa pabwalo, kapena galu akadzakumba, dulani malo owonongekawo mwa makona anayi, mufufuze chimene chapha udzuwo pansipo, mutipule, muikepo chigamba chochokera kuseriko, ndipo muchithirire tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri ngati chatsopano.